Mkangano wa Ndalama pa Madzi Oundana

Ku Canada kuli chikho cha siliva chotchedwa Stanley Cup, chimene chinaperekedwa ndi Lord Stanley, bwanamkubwa wa dzikolo, m'chaka cha 1892. Mwambo wake ngwakuti chaka ndi chaka maina a oseŵera a timu yopambana amazokotedwa pa chikhocho. Koma munthu akafufuza pamalo a nyengo ya 2004 mpaka 2005 sapezapo dzina la munthu aliyense. Pali mawu ochepa chabe onena kuti maseŵero a nyengo imeneyo sanachitike. Izi zisanachitike, ligi ya hockey inali italephera kupereka chikhochi kamodzi kokha, mu 1919, pamene mliri wa chimfine unagwira oseŵera mpikisano uli pakati. Mu 2005 kunalibe mliri. Eni matimu ndi oseŵera awo analephera kumvana pa nkhani ya ndalama, ndipo chaka chathunthu chinapita pachabe. Nkhani ya lero ikulongosola gwero la mkangano umenewu, ndi mmene magulu aŵiriŵa amagaŵanirana chuma chawo masiku ano.

Poyamba nkoyenera kufotokoza maseŵero ake, popeza omvera ambiri sanawaonepo. Hockey ya mtundu umenewu imaseŵeredwa pa bwalo la madzi oundana. Oseŵera amavala nsapato zokhala ndi mpeni wachitsulo kunsi kwake, ndipo amatereleka pa bwalopo mothamanga kwambiri. M'malo mwa mpira amamenya kamphira kolimba, kozungulira ndi kaphwatalala, pogwiritsa ntchito ndodo zopindika kumapeto. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 6 m'bwalo, mmodzi mwa iwo goloboyi, ndipo amaseŵera zigawo zitatu za mphindi 20. Ndi maseŵero achiwawa ndithu: kuguluka mano, kuthyoka mafupa ndi kuvulala m'mutu sizachilendo, kotero kuti oseŵera ambiri amasiya ntchitoyi akadali anyamata. Mfundo imeneyi njofunika kuikumbukira, chifukwa munthu amene akudziŵa kuti zaka zake zopezera ndalama nzochepa amauona mwina mwake mkangano wa malipiro.

Ligi yaikulu koposa pa dziko lonse ndi National Hockey League, mwachidule NHL, imene inakhazikitsidwa mumzinda wa Montreal mu 1917. Lero ili ndi matimu 32, ndipo 7 mwa iwo ali ku Canada, 25 ku United States. Timu iliyonse ili ndi mwini wake, kaya munthu wolemera kapena kampani. Ndalama zimachokera ku matikiti a pakhomo, ku makampani a wailesi yakanema amene amagula ufulu woonetsa maseŵero, kwa otsatsa malonda, ndi ku malonda a majezi ndi zina zotero. Mu 2013 kampani ya Rogers ya ku Canada inavomera kulipira madola a ku Canada 5.2 biliyoni kuti ionetse maseŵeroŵa kwa zaka 12, ndipo mu 2025 inasainanso pangano lina la zaka 12 la madola 11 biliyoni. Funso limene lavutitsa ligi imeneyi kwa zaka zana limodzi nlakuti: pa ndalama zonsezi, zingati ziyenera kupita kwa amene amathyoka mafupa, ndipo zingati kwa amene anaikapo chuma chawo?

Masiku a mphamvu za eni matimu

Kunyanyala koyamba kunachitika mu 1925. Ligi inali itawonjezera maseŵero a pachaka kuchoka pa 24 kufika pa 30, koma malipiro anali omwe aja. Anyamata a timu ya Hamilton Tigers, amene anatsiriza nyengoyo ali patsogolo pa onse, anakana kuseŵera mpikisano wotsiriza pokhapokha aliyense atapatsidwa madola 200 apadera. Pulezidenti wa ligi, a Frank Calder, anawaimitsa onse nawalipitsa chindapusa, ndipo pambuyo pake anyamatawo anagulitsidwa ku timu yatsopano ya ku New York. Mzinda wa Hamilton sunakhalenso ndi timu m'ligi imeneyi kufikira lero.

Kuyambira 1942 mpaka 1967 ligi inali ndi matimu 6 okha: Montreal, Toronto, Boston, New York, Detroit ndi Chicago. Malo anali ochepa, ofuna ntchito anali ambiri, ndipo m'pangano la woseŵera aliyense munali ndime imene inkapatsa timu mphamvu yomsunga ngakhale pangano litatha. Woseŵerayo sakanatha kupita ku timu ina mwa kufuna kwake. Akakana malipiro amene apatsidwa, njira imene inamtsalira inali kusiya hockey. Ambiri ankagwira maganyu ena m'nyengo yotentha kuti adyetse mabanja awo.

Mu Febuluwale 1957 Ted Lindsay wa timu ya Detroit ndi Doug Harvey wa timu ya Montreal anatsogolera anzawo kuyambitsa bungwe la oseŵera. Chimene chinawadandaulitsa kwambiri chinali thumba la penshoni: oseŵera ankaponyamo ndalama chaka chilichonse, koma akafunsa kuti m'thumbamo muli zingati, akuluakulu a ligi sankawayankha zomveka. Eni matimu anaona bungweli ngati kuukira. Lindsay, amene anali mmodzi wa akatswiri oposa onse, anachotsedwa ku Detroit m'chaka chomwecho natumizidwa ku Chicago, timu imene inali pansi pa ligi. Ena anachita mantha, ndipo mu 1958 bungwelo linafa. Panapita zaka 9 kuti lina libadwe. Mu 1967, chaka chimene matimu anawonjezeka kufika pa 12, bungwe la National Hockey League Players' Association linakhazikitsidwa ndipo eni matimu analivomereza. Mtsogoleri wake anali loya wa ku Toronto, a Alan Eagleson.

Chimene chinakweza malipiro poyamba chinali mpikisano wa pamsika. Mu 1972 kunabadwa ligi ina, World Hockey Association, imene inayamba kukopa akatswiri ndi ndalama zambiri. Bobby Hull anachoka ku Chicago napita ku Winnipeg Jets atapatsidwa madola 1 miliyoni pongosaina. NHL inapita kukhoti, koma woŵeruza wa ku Philadelphia anailetsa kugwiritsa ntchito ndime yomanga oseŵera ija. Ligi yatsopanoyo inatha mu 1979, ndipo matimu ake 4 analoŵa mu NHL, koma oseŵera anali atalaŵa kale ubwino wokhala ndi ogula aŵiri.

Fisi m'khola la mbuzi

A Eagleson anatsogolera bungwe kwa zaka 24. Pa nthaŵi imodzimodziyo anali nthumwi yokambira malipiro a oseŵera ambiri payekhapayekha, ankakonza mipikisano ya maiko, ndiponso anali bwenzi la akuluakulu a ligi amene anayenera kulimbana nawo. Mu 1991 mtolankhani Russ Conway wa nyuzipepala yaing'ono ya ku Lawrence, m'chigawo cha Massachusetts, anayamba kusindikiza zimene anapeza pa kayendetsedwe ka ndalama za bungwelo. Mu Januwale 1998 a Eagleson anavomera milandu ya chinyengo m'makhoti a ku Boston ndi ku Toronto, nalamulidwa kukakhala kundende miyezi 18, ndipo anakhalako miyezi 6. M'zaka zomwezo oseŵera akale, pakati pawo Gordie Howe ndi Bobby Hull, anasumira ligi pa ndalama zotsalira za m'thumba la penshoni, ndipo khoti la ku Ontario linagamula mowakomera mu 1992. Funso lija limene Lindsay anafunsa mu 1957 linayankhidwa patapita zaka 35.

Mbiri imeneyi ndiyo imamasulira mtima wokayika umene oseŵera anakhala nawo pambuyo pake. Mwini timu akati akuluza ndalama, iwo ankakumbukira za penshoni ija. Mu 1990 anagwirizana kuti malipiro a munthu aliyense azilengezedwa poyera, ndipo aliyense anayamba kudziyerekeza ndi mnzake pokambirana ndi bwana wake. Mtsogoleri watsopano, a Bob Goodenow, anatenga udindo kuchiyambi kwa 1992, ndipo mu Epulo chaka chomwecho oseŵera ananyanyala kwa masiku 10 mpikisano wa chikho uli pafupi kuyamba. Eni matimu anagonja pa mfundo zingapo. Atatero anafuna mtsogoleri wolimba, ndipo mu Febuluwale 1993 analemba ntchito a Gary Bettman, loya wochokera ku ligi ya basketball, kumene kunali kale lamulo loika malire pa malipiro.

Pano pafunika kusiyanitsa zinthu ziŵiri. Pa sitiraka, antchito ndiwo amakana kugwira ntchito. Koma pali njira inanso imene Azungu amaitcha lockout, pamene mwini ntchito ndiye amatseka zipata, naimitsa malipiro mpaka antchito atavomera zofuna zake. Oseŵera amalandira malipiro awo m'kati mwa nyengo, pamene eni matimu amapindula koposa ndi mpikisano wa chikho kumapeto. Sitiraka ya 1992 inawaŵaŵa eni matimu chifukwa inadza anyamata atalandira kale pafupifupi zawo zonse. Kuyambira pamenepo eni matimu sanalolenso kuyamba nyengo popanda pangano. Mikangano itatu yotsatira yonse inali ya kutseka zipata nyengo isanayambe.

Woyamba unali wa 1994 mpaka 1995. Unatenga masiku 103, ndipo timu iliyonse inaseŵera maseŵero 48 m'malo mwa 84. Eni matimu anangopeza malire pa malipiro a oseŵera ongoyamba kumene. Malipiro a ena onse anapitirira kukwera: pa avereji anali madola pafupifupi 271,000 mu nyengo ya 1990 mpaka 1991, koma pofika 2003 mpaka 2004 anali pafupifupi 1.8 miliyoni.

Matimu a m'mizinda yaing'ono ndiwo anapsinjika. A ku Canada anali ndi vuto lapadera, pakuti ankalandira ndalama za pakhomo m'madola a ku Canada koma nkumalipira oseŵera m'madola a ku America, ndipo mu 2002 dola ya ku Canada inatsika kufika pa masenti pafupifupi 62 a ku America. Timu ya ku Quebec inasamukira ku Denver mu 1995, ya ku Winnipeg inapita ku Phoenix mu 1996. Pittsburgh Penguins inalephera kubweza ngongole mu 1998, ndipo mmodzi wa amene inawakongola kwambiri anali katswiri wake yemwe, Mario Lemieux, amene anasandutsa ngongoleyo kukhala gawo lake m'timu nakhala mwini wake mu 1999. Mu Januwale 2003 matimu a Ottawa ndi Buffalo anagwanso chimodzimodzi.

Chaka chimene chinatayika

Mu Febuluwale 2004 ligi inatulutsa lipoti la a Arthur Levitt, amene kale anali mkulu wa bungwe la boma loyang'anira msika wa masheya ku America. Lipotilo linati matimu analuza madola 273 miliyoni mu nyengo ya 2002 mpaka 2003, ndi kuti pa madola 100 alionse oloŵa, pafupifupi 75 ankapita kwa oseŵera. Bungwe la oseŵera linakana ziŵerengerozo, ponena kuti lipotilo linalipiridwa ndi ligi yomwe, ndi kuti eni ena amabisa phindu m'makampani awo ena, monga a mabwalo ndi a wailesi yakanema. Linanenanso kuti palibe amene anaumiriza mwini timu kusaina mapangano a ndalama zambiri. Eni matimu anayankha kuti timu yokana kulipira imataya akatswiri ake nkutayanso oonerera, chotero panafunika lamulo lomanga onse pamodzi.

Zipata zinatsekedwa pa 16 Sepitembala 2004. Mu Disembala oseŵera anapereka kuti malipiro awo adulidwe ndi magawo 24 pa 100, bola pasakhale malire. Eni matimu anakana. Pa 16 Febuluwale 2005 a Bettman analengeza kuti nyengo yonse yathetsedwa, maseŵero onse 1,230. Inali nthaŵi yoyamba kuti ligi yaikulu ya maseŵero ku North America itaye chaka chathunthu chifukwa cha mkangano wa apantchito.

Akuluakulu amati njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Oseŵera oposa 300 anapita kukaseŵera ku Sweden, Russia, Switzerland ndi maiko ena a ku Ulaya, kumene analanda malo a anyamata a komweko. Ogulitsa matikiti, osesa m'mabwalo, ophika zakudya ndi eni malo odyera oyandikana ndi mabwalo anasoŵa ntchito popanda wowafunsa maganizo. Pologalamu ya Hockey Night in Canada, imene mabanja akhala akuitsatira Loŵeruka lililonse madzulo kuyambira pa wailesi m'ma 1930 ndi pa wailesi yakanema kuyambira 1952, inazima, ndipo wailesi ya CBC inayamba kuonetsa mafilimu m'malo mwake.

Mu Julayi 2005, patatha masiku 310, oseŵera anavomera. Malipiro anadulidwa ndi magawo 24 aja, ndipo malire amene ankawakana anakhazikitsidwanso. A Goodenow anatula pansi udindo patangopita masiku ochepa.

Mmene ndalama zimagaŵidwira tsopano

Dongosolo la 2005 lili ndi nsanamira zitatu. Yoyamba ndi malire apamwamba: timu iliyonse sinaloledwe kupitirira madola 39 miliyoni pa malipiro a oseŵera ake onse m'chaka choyambacho, ndipo woseŵera mmodzi sangatenge zoposa magawo 20 pa 100 a ndalama zimenezo. Panaikidwanso malire apansi, madola 21.5 miliyoni, kuti mwini woumira asasonkhanitse anyamata otchipa okhaokha. Yachiŵiri ndi kuthandizana pakati pa matimu, kuti olemera aziponya ndalama m'thumba lothandizira osauka. Yachitatu, imene ili yaikulu koposa, ndiyo yakuti oseŵera onse pamodzi amalandira gawo lodziŵika la ndalama zimene hockey yabweretsa. Gawolo linayambira pa 54 pa 100 nkukwera mpaka 57.

Tsono popeza palibe amene angadziŵiretu kuti chaka chibweretsa ndalama zingati, panaikidwa chikole. Pa malipiro alionse a woseŵera amadulapo gawo lina nkulisunga padera mpaka mabuku atatsekedwa. Mwachitsanzo, ngati ligi yapeza madola 100 ndipo gawo la oseŵera ndi 50, koma mapangano awo onse akaphatikizidwa akukwana 56, ndiye kuti madola 6 amatengedwa pa chikole chija nkubwerera kwa eni matimu. Zotsala zimabwezedwa kwa oseŵera. Nchifukwa chake oseŵera amadana nacho chikolechi: nambala yolembedwa pa pangano siikhala nthaŵi zonse ndalama imene imafika m'thumba.

Malire atakhazikitsidwa, eni matimu omwewo anayamba kufuna mipata yowazembera. Lamulo limaŵerengera pangano pogaŵa ndalama zonse ndi zaka zake, chotero timu inkapereka ndalama zambiri m'zaka zoyamba nkuwonjezera zaka zina za malipiro ochepa kumapeto, zimene aliyense ankadziŵa kuti woseŵerayo sadzaseŵera. Mu 2010 New Jersey Devils inasainitsa Ilya Kovalchuk pangano la zaka 17 la madola 102 miliyoni, limene likanatha iye ali ndi zaka 44. Ligi inalikana. Mu Julayi 2012 Minnesota Wild inapatsa anthu aŵiri, Zach Parise ndi Ryan Suter, aliyense madola 98 miliyoni pa zaka 13, ndipo patapita miyezi iŵiri yokha eni matimu anatsekanso zipata ponena kuti oseŵera akudya zambiri.

Mkangano wachitatuwu unatha mu Januwale 2013, ndipo nyengo inafupikitsidwanso kufika pa maseŵero 48. Bungwe, limene tsopano linali m'manja mwa a Donald Fehr, linavomera kuti gawo la oseŵera litsike kuchoka pa 57 kufika pa theka lenileni. Mapangano anaikidwa malire a zaka 7, kapena 8 ngati woseŵera akupitiriza pa timu yake yomwe.

Dongosolo la theka ndi theka linayesedwa kwambiri pa mliri wa COVID-19. Mabwalo atakhala opanda anthu, ndalama zoloŵa zinagwa pamene mapangano anali omwe aja, ndipo oseŵera anapezeka ali ndi ngongole yaikulu kwa eni matimu. Mu Julayi 2020 mbali ziŵirizi zinagwirizana kuti chikole chikhale 20 pa 100 m'nyengo yotsatira, ndi kuti malire aime pa madola 81.5 miliyoni mpaka zinthu zitayamba kuyenda. Ngongoleyo itabwezedwa malire anakweranso: 88 miliyoni mu nyengo ya 2024 mpaka 2025, ndi 95.5 miliyoni mu nyengo yotsatira. Malipiro otsikitsitsa m'nyengo zimenezo anali madola 775,000 pachaka.

Ndani anapambana?

Mu 2005 anthu ambiri anati oseŵera agonja kotheratu. Komabe malire amene anayambira pa 39 miliyoni aŵirikiza koposa kaŵiri m'zaka 20, chifukwa amakwera pamodzi ndi ndalama za ligi. Eni matimu napo apindula m'njira ina imene siiloŵa m'mabuku ogaŵana. Popeza malipiro tsopano ngodziŵikiratu, timu yasanduka katundu wamtengo wapatali. Mu 1967 timu yatsopano inkalipira madola 2 miliyoni kuti iloŵe m'ligi. Vegas Golden Knights, imene inayamba kuseŵera mu 2017, inalipira 500 miliyoni, ndipo Seattle Kraken, ya 2021, inalipira 650 miliyoni. Ndalama zoterezi eni matimu amagaŵana okha. Oseŵera amangopindula ndi malo atsopano a ntchito.

Mu 2023 bungwe la oseŵera linasankha a Marty Walsh, amene anakhalapo meya wa Boston ndiponso nduna ya zantchito m'boma la America. Pakati pa chaka cha 2025 iwo ndi a Bettman anagwirizana pangano latsopano kutatsala chaka chathunthu kuti lakale lithe, popanda kutaya tsiku limodzi la maseŵero. Pangano limeneli ndi la zaka 4, kuyambira 2026 mpaka 2030. Likuwonjezera maseŵero a pachaka kuchoka pa 82 kufika pa 84, ndipo likufupikitsa mapangano a oseŵera ndi chaka chimodzi, kukhala zaka 6 kapena 7.

Omvera akumbukire kuti sitiraka ya ku Hamilton mu 1925 inabuka chifukwa cha maseŵero owonjezeredwa popanda kufunsa oseŵera. Patapita zaka 100 maseŵero awonjezeredwanso, koma ulendo uno nkhaniyo inakambidwa pa tebulo, mabuku a ndalama ali otsekula pamaso pa mbali zonse ziŵiri, ndipo oseŵera anaiponyera voti. Mtendere umenewu wadza pamene ndalama zikuchuluka, ndipo kugaŵana nkosavuta nkhokwe ikadzaza. Pangano likadzatha mu Sepitembala 2030, nkhani za chikole, za ndalama za matimu atsopano ndi za thanzi la oseŵera opuma zidzakhala zikudikira pa tebulo lomwelo.